Botolo la Amalume Silinagubuduke

Tsiku lotsegulila, akuluakulu analengeza kuti msika wamakono uno udzatumikila anthu a ku Lundazi mibadwo ndi mibadwo. Tinaomba m'manja.

Amalume, lelo ndadutsako ndipo ndakukumbukani, poti ndinu munayala matailosi ake. Mutamaliza nchito munandiitana, munagoneka botolo pakati penipeni n'kunena kuti, "Mphwanga, likagubuduka usadzanditchenso mmisili." Tinaliyang'ana. Silinasunthe.

Ndalowamo ndi mantha kuti mwina anthu anawagumula matailosi aja. Ali momwe munawasiyila, amalume, palibe ngakhale limodzi lotukuka. Inu tinakuikani m'manda, koma dzanja lanu likadali pansi paja.

Masitolo onse anatseka, malata anachotsedwa. Pa matailosi anu azimayi akuyanikapo nshawa.