Choko cha a Chikoti pa mitengo ya maapozi

A Levison Chikoti anaphunzitsa sayansi kupulayimale zaka makumi atatu. Atapuma ntchito anabwerera kwawo ku Nsaru atanyamula mbande zisanu ndi imodzi za maapozi zogula ku Dedza. Anansi awo ankalima fodya ndi mtedza, koma iwo ankati munthu wophunzira salima zolima aliyense.

Chaka chachinayi mitengo inabereka. Anathyola zipatso n'kuzisunga m'chipinda. Patatha sabata ziwiri anapeza zatuluka timaenje takuda, m'kati mwafiirira, kulawa zikuwawa. Akazi awo, a Febe, anakazikhuthulira nkhumba.

A Chikoti anapalasa njinga mpaka ku Chitedze, kumalo ofufuzira za ulimi. Kumeneko anapeza Stella, amene kale ankakhala kumbuyo m'kalasi mwawo, tsopano akufufuza za zipatso. Stella anadula apozi limodzi n'kuliyang'ana.

“Aphunzitsi, likusowa kashiyamu. Ndiye amalimbitsa mnofu ndi kuthandiza chipatso kudziteteza kuti chisakalambe msanga. Tsono chofunika...”

“Kashiyamu? Kodi waiwala amene anakuphunzitsa mawu amenewo?” anamudula a Chikoti, uku akukwera njinga.

Kunyumba anatulutsa makatoni a choko omwe anapuma nawo ntchito, poti m'choko muli kashiyamu. Anasinja mumtondo wa a Febe, kusakaniza ndi makoko a mazira, n'kukwirira patsinde. Pofuna kukometsa anathiranso feteleza wa yuriya wambiri. Masamba anabiriwira moti odutsa ankaima. Koma zipatso za chaka chimenecho zinaonongeka zikadali mumtengo, ndipo mitengo iwiri inauma.

Ulendo wachiwiri a Chikoti analowa kwa Stella chipewa chili m'manja.

“Munanyamuka ndisanamalize, aphunzitsi,” anatero Stella. “Kashiyamu wochokera kumizu amathamangira kumasamba, makamaka mukachulutsa feteleza. Muzipopera kashiyamu wamadzi pazipatso penipeni zikadali zazing'ono, kangapo.”

A Chikoti anapempha pepala n'kulemba zonse, mpaka kufunsa kawiri.

Lero mitengo inayi yomwe inatsala imabereka maapozi ang'onoang'ono koma olimba, ndipo a Febe amakagulitsa pa Msundwe. Nkhaniyi amaikamba okha a Chikoti akatuluka m'tchalitchi, akuseka mpaka kutsokomola.

“Ine ndinadyetsa mitengo choko chaka chathunthu. Mayi a kunyumbawa anasinja chinangwa mumtondo womwe uja, tonse tinadya choko sabata yonse. Mano anga mukuwaonawa, si olimba eti?”