A Stelia ndi Ng'anjo ya ku Chifunga

A Stelia, azakhali anga a ku Chifunga, sanali munthu wa nkhani. Ankalima mtedza, anabereka ana asanu n'kuika awiri, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala benchi lomwelo kutchalitchi. Amuna awo, a Zefaniya, ndiwo anali ndi kambiri. Ali mnyamata ankafukuta mvukuto kung'anjo ya malume awo, kale anthu akusungunula okha chitsulo cha makasu.

Mu 1976 kunabwera a Jameson, wofufuza wa ku yunivesite, ataperekezedwa ndi apampando a chipani, ndiye panalibe wokana. Ankalemba mbiri ya luso la makolo, ndipo anapempha a Zefaniya kuti aumbe ng'anjo, iwo adzionere okha. Mkuluyo anavomera mokondwa, koma anakumbutsa mwambo wake: ng'anjo ikamayaka mwamuna amadika, mkazi kunyumba nayenso amadika. Mkazi akagona ndi wina, chitsulo sichituluka. A Jameson anamwetulira n'kulemba zimenezo.

Anaumba, anatentha makala, anafukuta mpaka manja kuchita matuza. Atagumula ng'anjo anapeza miyala yopserera yokhayokha. A Jameson anajambula zithunzi, kutolera miyala ina m'thumba, kuthokoza, n'kukwera galimoto.

A Zefaniya sanafunse kanthu. Atafika kunyumba anapinda mphasa, kutenga jekete, n'kubwerera kwawo ku Lisungwi, poti anali mkamwini. Mudzi wonse unadziwa chifukwa chake. Munthu wa zidzukulu, eti chigololo! Ine zinkandiwawa koopsa, koma azakhali eni ake sanalire, sanatsutse. Anangosamukira benchi lakumbuyo, n'kumalima mtedza wawo monga kale.

Patapita zaka, a Zefaniya atamwalira kale, a Jameson anabweranso, tsopano ali mphunzitsi wamkulu wa kamimba. Anawapeza azakhali akuswa mtedza pakhonde, ine ndili pomwepo.

"Amayi, kodi mukuikumbuka ng'anjo ija?" anafunsa mosangalala. "Miyala ija tinakaiyeza ku Zomba chaka chomwecho. Inalibe chitsulo chokwanira, basi. Ngakhale malume awo aja sakanatulutsamo kanthu. Abambo ali kuti ndiwauze?"

Azakhali anasiya kuswa mtedza.

"Mwati chaka chomwecho?"

"Eya, chomwecho."

"Oo," anatero azakhali. "Ali kumanda ku Lisungwi. Mukawauze konko."

Anatola mtedza wina n'kuuswa.