Tsiku Limene Wapolisi Anapuntha Mkaka kwa a Sabina Tolan

A Sabina Tolan anali a msinkhu wa amayi anga, koma ndinawadziwa bwino nditakhala kale wamasiye. Mwamuna wanga atamwalira ndinabwerera kumudzi kwathu ku Cloonavarra, m'kanyumba ka malemu azakhali anga, ndipo khomo langa linkayang'anizana ndi lawo. Ine sindine munthu wocheza. Masisitere amene anandiphunzitsa ankati mawu anga amathera kukhosi. Koma a Sabina sankafuna wowayankha, ankangofuna womvera. Choncho m'mawa ndinkatenga masokosi amene ndinkaluka n'kukakhala pakona ya nyumba yawo, pafupi ndi moto.

Anabadwa njala yaikulu isanagwe, ndipo za njalayo sankazikamba. Ndinamva kwa ena kuti m'banja la kwawo anapulumuka awiri okha. Anakwatiwa ndi Malachy Tolan, munthu wofatsa amene chifuwa chinamutenga ana akadali aang'ono. Ana ena anawaika m'manda, ena anawaperekeza kokakwera sitima ya ku Amerika. Pakhomo panatsala mzime wawo Thady, ng'ombe ziwiri, ndi munda wa mbatatesi umene miyala inkachuluka kuposa dothi. Chimene chinkawasunga pamalopo ndi batala. Wa a Sabina ankadziwika mpaka kumsika wa m'tauni, ndipo ndi amene ankatseka pakamwa kapitawo wa mwini malo nthawi ya lendi ikafika.

Ankapuntha mkaka mu mtondo wa matabwa wofika m'chiuno, wa chivindikiro choboola pakati polowera munsi. Pa ntchito imeneyi sankaseka ndi munthu. Monga m'nyumba iliyonse kwathu, wolowa mkaka ukupunthidwa ankayenera kunena kuti "Mulungu adalitse ntchito" ndi kugwirako munsi, ngakhale pang'ono chabe. Akatuluka osagwira, ndiye kuti wanyamula batala wa m'nyumbamo, ndipo mkaka ungochita thovu mpaka dzuwa kulowa. Wansembe wathu ankalalikira kuti zimenezi n'zachikunja, koma akalowa kwa a Sabina ankapinda yekha malaya. Tsiku lina anathamangira wogulitsa singano mpaka kumsewu waukulu, n'kumubweza atamugwira chikhoti kuti adzagwire munsi.

Chaka cha 1881 chinatipeza titakolola zowola zaka zotsatizana. Anthu olephera kulipira lendi anayamba kutulutsidwa m'nyumba, madenga n'kugwetsedwa kuti asabwereremo. Pamphambano anamangapo kanyumba ka malata kokhala apolisi. Ambiri mwa apolisiwo anali ana a alimi ngati ife, koma ochokera kutali, chifukwa boma silinkatumiza munthu kwawo. Palibe ankawapatsa moni. Palibe ankawagulitsa dzira kapena mkaka. Akadutsa, amayi ankaitana ana kuti alowe.

Thady anali atakula, wamtali, wa mtima wapachala ngati amayi ake. Anayamba kuyenda ndi anyamata amene ankakumana kuseri kwa dambo, ndipo mudzi wonse unkadziwa, ngakhale palibe ankanena, kuti chimene anyamatawo ankachisowa kwambiri ndi mfuti. A Sabina sanamuletse kupita ku misonkhano. Iwonso mwini malo ankamutukwana m'mawa ndi madzulo. Koma ankamuuza kuti mwala angaponye, mpanda angagwetse, koma tsiku limene adzagwire mfuti ndi tsiku limene boma lidzamuyeze khosi. Iye ankayankha kuti amayi akalamba, mantha awalowa m'mafupa.

Kumapeto kwa chilimwe anabwera kudzatulutsa banja la Festy Lavelle. Amuna angapo anadzitsekera m'nyumbamo, ndipo ogumula atafika pakhomo ndi zitsulo zawo, wina anawathira mphika wa phala lowira kuchokera pamwamba pa chitseko. Mmodzi wa ogumulawo anapsa nkhope, diso limodzi linafa. Amuna a m'katimo anathawira kudenga n'kulowa m'dambo. Koma apolisi anamva wothira phalayo akukuwa, ndiye anadziwa kuti nayenso wapsa.

Anali Thady. Phala linamutsikira m'mkono wamanzere, kuchokera pamfundo ya dzanja mpaka pachigongono. A Sabina anamupaka batala wopanda mchere, n'kumumanga kansalu kopyapyala, n'kumuveka malaya a malemu bambo ake a mikono italiitali. Zikhatho zinali zabwinobwino. Munthu wosadziwa sakanaona kanthu.

Lachisanu m'mawa ndinali pakona panga, a Sabina akupuntha. Thady anatuluka kukatenga zibuma za moto, dothi louma la m'dambo limene timasonkhera m'malo mwa nkhuni, n'kubwera atazipanira ndi mkono umodzi. Anadalitsa ntchito, koma munsi sanagwire, ndipo tsiku limenelo lokha amayi ake anayang'ana kumbali. Anakakhala pa benchi ya pafupi ndi khomo. Kenaka tinamva nsapato zolemera m'kanjira. Pamwamba pa chitseko cha m'munsi, poti cha m'mwamba chinali chotsegula, ndinaona sajeni ndi apolisi awiri akulowa m'nyumba mwanga kutsidya. Wachitatu anatembenukira kwa ife.

Anali wapolisi Cahalane, wa ku Kerry, dera lakutali ndi kwathu, mnyamata wa msinkhu wa Thady, wa makutu aakulu amene ankafiira msanga. Analowa mfuti ili m'manja, nanena m'Chingerezi cha kuntchito kuti akufuna kuona manja a mwamuna aliyense wa m'nyumbamo. A Sabina sanasiye kupuntha. Anangomuuza kuti mwamuna wa m'nyumba muno ali kumanda, akafuna akamufukule, watsala ndi mwana uyo. Thady anatambasula manja ali chikhalire, n'kuwatembenuza pang'onopang'ono. Cahalane anawerama, anayang'ana, anagwedeza mutu. Ine ndinali nditaphonya maluko angapo osadziwa.

Wapolisiyo anatembenuka kuti azipita. Phazi limodzi linali kale pakhomo pamene anaima. Ndinaona makutu ake akufiira.

"Pepani amayi," anatero, tsopano m'chinenero chathu. "Mulungu adalitse ntchito. Ndikanatuluka ndi batala wanu."

Anabwerera. Mfuti anaitsamiritsa kukhoma, kumapeto kwa benchi imene Thady anakhalapo, monga munthu amatsamiritsira khasu akalowa kwa anzake. Anapukuta manja m'thalauza n'kulandira munsi. A Sabina anadabwa kwambiri moti anangousiya.

Ankadziwa kupuntha. Sankamenya mwaukali ngati amuna ambiri, ankakweza ndi kutsitsa mofatsa, akupotoza pang'ono. Anayamba kukamba za amayi ake, kuti akanamva kuti watuluka m'nyumba ya munthu osagwira munsi akanamukoka khutu ngakhale atavala yunifomu, kuti kuyambira pamene anafika kuno sanalawe chambiko. Ankalankhula atafulatira khomo. A Sabina anaima moyang'anizana naye, ndipo pamwamba pa phewa lake ankaona zimene inenso ndinkaona.

Dzanja lamanja la Thady linali litachoka pa bondo. Linali pa thabwa la benchi, likusendera. Maso ake sanali pa mfuti, anali pa khomo la kuseri, lotulukira kudambo. Kutsidya kwa kanjira ndinkamva sajeni akugubuduza mipando yanga. Apolisi atatu a mfuti anali pamenepo, ndipo kuchokera pakhomo la kuseri kukafika m'dambo ndi poyera popanda ngakhale chitsamba. Akanapanda kumuwombera pamenepo akanamunyonga m'tauni. Ndinafuna kutsokomola, kugwetsa singano, chilichonse, koma thupi linakana. Zala zake zinafika pafupi ndi thako la mfutiyo.

"Thady," anatero a Sabina, mawu awo a tsiku lililonse. "Iwe unalowa muno ndikupuntha. Munsi sunagwire."

Dzanja linaima.

"Ndinagwira, amayi."

"Ukundinamiza pamaso pa anthu? Mwana wa eni ake wochokera ku Kerry akudziwa mwambo, iwe wobadwira muno ukufuna kundibera batala? Dzuka."

Cahalane anatembenuka akuseka, munsi ukadali m'manja. Tsopano ankayang'ana Thady maso ndi maso, ndipo dzanja lija linabwerera pa bondo.

"Bwera achimwene, amayi sakanidwa. Ine ndauyamba kale, iwe ungomaliza."

Thady anayang'ana amayi ake nthawi yaitali. Iwo sanaphethire. Anadzuka, anadutsa pakati pa nyumba, analandira munsi ndi dzanja lamanja. Cahalane anabwerera kukhomo, ananyamula mfuti yake osaganiza kanthu, n'kuikoleka paphewa. Ndinamva a Sabina akutulutsa mpweya.

Koma mkaka unali utayamba kugwirana, ndipo ukafika pamenepo munsi umalemera. Thady anaukweza ndi dzanja limodzi, unakana, mtondo unapendekeka. Cahalane, akadali pakhomo, anamuseka kuti kodi amuna a kuno ku Mayo amapuntha ngati akuopa kudzutsa mwana. Thady anaika dzanja lamanzere. Anakweza kamodzi, kawiri. Nkhope yake inatuwa. Chilonda chinang'ambika pansi pa kansalu, ndipo banga lonyowa linayamba kutuluka pa mkono wa malaya, likukula.

Cahalane analiona. Kuseka kunatha. Sindikudziwa chimene akanachita akanakhala yekha, chifukwa anayang'ana pansi. Koma sajeni anali atafika kale, atatsamira pa chitseko cha m'munsi.

"Pinda malayawo," anatero sajeni.

Anamutenga atamumanga manja kutsogolo. Potuluka sanayang'ane amayi ake. A Sabina anaima pakhomo mpaka anthuwo anakhota pamphambano, kenaka anabwerera ku mtondo n'kumaliza kupuntha, chifukwa mkaka sudikira. Anawola batala, anamutsuka, anamuthira mchere.  Atamaliza anandiyandikira n'kundiuza motsitsa mawu kuti za dzanja la pa benchi ndisadzauze munthu, ngakhale wansembe. Woweruza akamva kuti mwana ankafuna kulanda mfuti, phala lisanduka nkhani yaing'ono. Ndinawalonjeza.

Thady anamugamula chaka ndi miyezi ingapo ya ntchito yakalavulagaga. M'mudzi nkhani inayenda mmene apolisi anaifotokozera: mnyamata anali atapulumuka kale, wapolisi atamuona n'kumusiya, ndiye amayi ake omwe anamuumiriza kuonetsa chilonda chifukwa choopa kutaya batala wa tsiku limodzi. Ankati a Sabina anagulitsa mwana ndi mtondo wa mkaka. Ena ankawonjeza kuti analola wapolisi kugwira munsi wawo ngati mkamwini. Ku Misa anthu anayamba kusiya mpata mbali zonse za pamene ankagwada. Pachitsime nkhani inkatha iwo akafika. M'mawa wina anapeza ng'ombe yawo ina itadulidwa mchira.

Sanadziteteze. Ankapita ku Misa moyambirira monga kale, atafunda chofunda chawo chakuda, n'kugwada pamalo awo. Ine ndinkagwada pambali pawo, ndipo poti anthu ankandidziwa kuti ndine wosalankhula, palibe anandifunsa chifukwa. Ng'ombe ija anaitsuka chilonda ndi madzi a mchere, akuitonthoza ngati mwana. Mbatatesi za chaka chimenecho tinakumba awiri, iwo kutsogolo ndi fosholo, ine kumbuyo ndi dengu. Cahalane anasamutsidwa nyengo yozizira isanathe, ndipo sindikhulupirira kuti anadziwa chimene chinachitika kumbuyo kwake.

Thady anatuluka m'ndende ataonda, tsitsi atamumeta, mkono uli ndi chipsera chonyezimira. Anabwera kunyumba, ankadya, ankalima, koma amayi ake sankawalankhula. Akafuna kanthu ankandiuza ine, iwo ali pomwepo. Anyamata anzake ena anali m'ndende, ena atathawa, ndipo mmodzi, mwana wa Festy Lavelle, anali atawomberedwa pa mpanda wa munda wa kapitawo. Thady ankapita kumanda a mnzakeyo Lamulungu n'kubwera maso ali gwa. Patapita miyezi iwiri anandiuza kuti ndiwauze amayi kuti akupita ku Amerika, kwa mlongo wake.

Tinamuperekeza mpaka pa mlatho, pamene anthu a kwathu amalekezera poperekeza munthu. Ngolo inali itaima tsidya lina. Thady anandigwira chanza, kenaka anaima pamaso pa amayi ake, kabokosi kali paphewa. Anali mawu ake oyamba kwa iwo chichokere m'nyumba tsiku lija.

"Mukanandisiya, amayi. Ndikanafika m'dambo."

"Mwina," anatero a Sabina. "Ndipo ndikanakusiya, lero ndikanaperekeza ndani?"

Thady anatsitsa kabokosi, anawerama, ndipo iwo anamulemba mtanda pamphumi ndi chala chachikulu. Anawoloka. A Sabina sanadikire kuti ngolo inyamuke. Anati mvula ikubwera ndipo zibuma zili panja, choncho tinabwerera mofulumira, iwo patsogolo.

A Sabina anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi ziwiri. Ena m'mudzi anayambanso kuwapatsa moni, ena anafa osawapatsa. Obwera kuchokera ku Pennsylvania, ku Amerika, ankatiuza kuti Thady akugwira ntchito mu mgodi wa malasha, anakwatira mkazi wa ku Donegal, dera lina la dziko lathu lino, ana akuchuluka. A Sabina ankawafunsa mayina a anawo mmodzimmodzi, ndipo akawauza ankafunsanso ngati mkono uja umamuvutitsa kukazizira.