Mfundo ya m'silinda yachitatu

Ndinalakwa, ndipo sindikufuna kuzungulira. Ndinatenga chingwe chimene sindinkayenera kuchikhudza n'kuchilowetsa mu injini ya galimoto, mwini wake akundiletsa. Ndine makaniko kuno ku Salima, ndipo ondidziwa angakuuzeni kuti manja anga ndi abwino koma mtima wanga ndi wapachala. Inu owerenga, mufike kaye kumapeto musanandiseke.

Ndinali ndi mng'ono wanga, Gelesomu, msodzi wa ku Senga Bay. Anali ndi kapikiapu kakale ka petulo konyamulira usipa. Tsiku lina anabwera nako kugalaja kwanga akudandaula kuti kakutulutsa utsi wabuluu m'mawa uliwonse, ndiponso kakumwa oyilo. Nditafunsa, ndinamva kuti anali atayamba wapita nako kwa makaniko wina wa kumsika. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza pamaso pa anthu kuti, "Popeza wachenjera, kaimange galimotoyo ndi zingwe zako za ukonde." Anangolowa m'galimoto n'kumapita, utsi ukumutsatira.

Amenewo ndiwo anali mawu anga omaliza kwa iye. Pasanathe mwezi, mwera unagubuduza bwato lake. Anamupeza patatha masiku awiri. Che Saidi, msodzi wamkulu woyandikana naye nyumba, ndiwo anamumanga m'chiuno ndi chingwe cha ukonde wa Gelesomu yemweyo n'kumukokera kumtunda. Tinakamuika kwathu ku Chitala. M'chipwirikiti cha maliro chingwe chija, chimene chinayenera kukwiriridwa naye, chinaiwalika, ndiye amalume anagamula kuti mkazi wake, alamu anga a Nankhoma, achisunge osachigwiritsa ntchito, kuti tsiku lomanga chiliza chidzakwiriridwe pamanda chathunthu. Chinakhala chaka chonse chili chokoleka pamsomali pakhonde.

Chaka chitakwana, a Nankhoma ananditumira uthenga. Mwambo wa chiliza unali Loweruka, ndipo ankafuna kuti mwala wolembedwa dzina ukafike ku Chitala pa galimoto ya mwamuna wawo, osati ya hayala. Koma utsi unali utanyanya moti apolisi apamsewu sakanaisiya. Ndinavomera msanga. Mumtima ndinkati ndikonza zimene ndinamukanira ali moyo, nkhani ithe.

Matenda a galimotoyo ndinawadziwa kalekale, tsiku lomwe ndinamuthamangitsa lija. Pamwamba pa vavu iliyonse, kachitseko kolowetsa petulo kapena kutulutsa utsi, pamakhala kamphira kakang'ono, ife timati sili, kotchinga oyilo kuti asatsikire kumene kumayaka petulo. Timphirati tikauma, oyilo amadontha galimoto ikaima, m'mawa n'kumatuluka ngati utsi. Kutisintha osamasula hedi, chitsulo chapamwamba pa injini chija, n'kotheka, koma pali choopsa chimodzi. Ukachotsa sipuling'i yake, vavu ilibenso choigwira, ndiye imagwera m'silinda. Njira zoigwirira ndi ziwiri. Umapopera mpweya wa kompuresa pabowo la pulagi, kapena umalowetsa chingwe chofewa pabowo lomwelo, n'kupukusa injini ndi sipanala mpaka pisitoni itakankha chingwecho n'kupanikiza mavavu m'mwamba.

Ndinafika Lachisanu m'mawa ndi kompuresa yanga. Ndinamasula tapeti kava, chivundikiro cha mavavu chija, n'kuchotsa mapulagi onse, n'kuyala masili atsopano pansalu. Nditangolumikiza kompuresa, magetsi anathima. Ndinatukwana. Chingwe changa chathonje ndinali nditachisiya kugalaja, ndipo kubwerera kutauni pa kabaza m'dzuwa limenelo sindinafune. Nditatukula maso ndinaona chija cha pamsomali, chochepa bwino, chokwana pabowo la pulagi.

A Nankhoma anali pathandala akutembenuza usipa. Atandiona ndikuchikolola anathamanga.

"Alamu, icho ayi. Mukuchidziwa chimenecho. Dikirani ndikapemphe china kwa Che Saidi."

"Chingwe ndi chingwe," ndinatero. "Mukufuna galimoto mawa kapena mukufuna miyambo? Ndisiyeni ndigwire ntchito, inu za injini mwaziyamba liti?"

Anandiyang'ana mmene anandiyang'anira mwamuna wawo tsiku lija. Kenako anabwerera kuthandala.

Inu owerenga, ngakhale pa nzeru za ntchito zokha ndinalakwa. Chingwecho chinali cha nayiloni, chouma gwa, chopindikapindika chifukwa chokhalitsa chokulungidwa. Ndimadziwa kuti chotere sichilowetsedwa mu injini. Koma nditakwiya sindimva, ngakhale za ine mwini.

Silinda yoyamba inayenda bwino. Ndinapanikiza sipuling'i, n'kutola ndi maginito timakiyi tiwiri togwira vavu, n'kuzula sili yakale ndi pulaya. Inali youma ngati chikopa cha ng'oma. Yatsopano ndinaipaka oyilo n'kuikhomera pang'onopang'ono ndi soketi. Nditabweza pisitoni n'kukoka chingwe, chinatuluka chonyowa. Ndinati ndi oyilo. Koma nditanunkhiza zala zanga, silinali fungo la oyilo kapena petulo. Linali fungo la ukonde wongovuulidwa kumene. Ndinapukutira m'ovolosi n'kupitiriza. Yachiwirinso chimodzimodzi.

Pofika pa yachitatu, dzuwa linali paliwombo. Mphepo inaleka, nkhuku zinabisala, mudzi wonse unangoti zii. Ndikulowetsa chingwe, ndinamva chikuthawa m'zala zanga. Amene munawedzapo mukudziwa mmene nsomba imayambira kukoka, pang'ono, n'kusiya, n'kukokanso. Zinali choncho. Batire ndinali nditachotsa, sipanala ili pansi, palibe chimene chinkayenda mu injinimo. Ndinadzikalipira ndekha kuti chingwe chikungodzipinda. Ndinasintha masili awiriwo mofulumira, n'kubweza pisitoni, n'kukoka.

Chinakana.

Ndinapukusira injini uku ndi uku. Chinakana. Makaniko wanzeru akanakhala pansi, kumwa madzi, n'kuyesa mofatsa ndi kawaya. Ine ndinakulunga chingwecho pasipanala, n'kuponda tayala, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse ndikutukwana. Chinaduka, ine n'kugwa chagada mumchenga. Mbali yotsalayo inalowa m'bowomo ndikuona, ngati mchira wa njoka.

A Nankhoma anabwera, anatola chidutswa chimene chinali m'manja mwanga, n'kuchikulunga pachitenje. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Munamukana ali moyo, lero mwamudula."

Panalibenso njira ina koma kumasula hedi, ndipo gasiketi yake, chomatira pakati pa hedi ndi injini, m'Salima monse sinapezeke tsiku limenelo. Loweruka m'mawa mwala wa mng'ono wanga unakwera lole ya eni, pamodzi ndi a Nankhoma ndi ana. Galimoto imene anafuna kuti imuperekeze inatsala pabwalo itayasama boneti. Ine ndinatsalanso, ndikuti nditulutse chidutswa chija ndikawapeze asanatseke simenti.

Che Saidi anabwera kudzandigwirira. Mabawuti anali atachita dzimbiri, awiri anandivuta mpaka dzuwa kukwera. Titanyamula hedi n'kuika pambali, tinasuzumira m'silinda yachitatu. Pamwamba pa pisitoni panali chingwe chija, ndipo pakati pake panali mfundo. Sikunali kupiringizika ayi. Inali mfundo yomangidwa bwino, yozungulizidwa kawiri, yokokedwa nga.

Ndinayamba kulongosola kuti zimachitika, chingwe chouma chikachuluka m'silinda chimadzimanga chokha. Zimenezo n'zoona, makaniko aliyense angakuuzeni. Che Saidi anaitenga mfundoyo n'kuitembenuza kangapo.

"Walahi, bambo makaniko, chingwechi ndinachimasula ndekha pathupi, ndinachiwongola ndekha, chinalibe mfundo. Ndipo taonani kumene kwalowera mchirawu. Tonse pano timamangira kumanja. Wamanzere padoko lino anali mmodzi."

Gelesomu anali wamanzere. Ndine ndinkamumenya padzanja tili ana kuti azidyera lamanja.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pa siteji. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, mfundo ili m'thumba la malaya. Nditafika kumanda ku Chitala, nyimbo zinali zitatha, mwala utaima, simenti atasalaza kale. Theka la chingwe linali pansi pake. Ndinatulutsa mfundo ija n'kupempha amalume kuti tikumbe pambali pang'ono. Asanayankhe, a Nankhoma anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti aizindikira.

"Ayi, amalume, asakumbe," anatero motsitsa mawu. "Imeneyo wamangira achimwene akewa. Munamuuza kuti aimange galimoto ndi chingwe chake, alamu. Waimanga."

Sindinkadziwa kuti mawu aja anakawafotokozera mkazi wake.

Galimotoyo ndinaimaliza sabata yotsatira. Sinatulutsenso utsi ngakhale pang'ono. A Nankhoma anaigulitsa kwa munthu wa kutali, ati sangakweremonso. Tikakumana amandipatsa moni waulemu, koma pakhonde paja sindinaitanidwenso, ndipo ana a mng'ono wanga amandiona ngati mlendo. Mfundoyo ili m'bokosi langa la masipanala. Ndayesa kuimasula ndi zala, ndi pulaya, ndi msomali. Sinasunthe. Kuidula ndi mpeni ndikhoza, koma ndinadula kale kamodzi.

Inu owerenga, ena mudzati ndi fizikisi chabe. Inenso ndinaphunzira mpaka Folomu 4, ndipo masiku ena ndimadziuza zomwezo. Khulupirirani zimene mukufuna, koma imvani izi. Anzanga a masipanala, posintha masili a mavavu muzinyamula chingwe chanuchanu, chofewa, chatsopano, ndipo musalowetse chambiri. Chikakana kutuluka musalimbane nacho. Magetsi akathima, dikirani, galimoto siithawa. Mwini nyumba akati ichi musakhudze, chotsani dzanja, ngakhale chifukwa chake chikumveka chopusa kwa inu.

Ndipo m'bale wanu akabwera ndi galimoto yofuka utsi, tsegulani boneti tsiku lomwelo, zoti anayamba wapita kwa wina muzisiye. Ntchito imene ndinamukanira Gelesomu inali ya maola atatu. Mkwiyo wanga unatha tsiku lomwelo, koma mawu amene ndinalankhula ali m'bokosi muno, ndipo ndimawaona nthawi iliyonse ndikafuna sipanala.