Kanjira ka Atsekwe M'bango

Linali buku la masamba ochepa, lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Pensulo ndinaimangirira ndi ulusi wa saka kuti isatayike. Aphunzitsi anatipatsa mabukuwo potsekera sukulu, mvula itangotha, ndili giredi faifi. Anati aliyense asankhe malo amodzi, azikhala phee, azilemba mbalame zimene waona, nthawi yake ndi pamene zatera. Anzanga anaseka. Ine ndinakondwa, chifukwa kukhala phee inali ntchito yokhayo imene ndinkaidziwa bwino.

Ndinasankha dooko la padamu, kumunsi kwa mudzi wathu cha ku Palabana, pamene asodzi ankakocheza mabwato awo atatu. Pankanunkha mamba a nsomba ndi matope. Akakowa ankayenda monyang'ama pakati pa maukonde oyanikidwa, akhwangwala akulimbirana matumbo otayidwa. Koma mtima wanga unali pa atsekwe awiri ndi ana awo asanu. Ndinatulukira kanjira kawo m'bango, kopapatiza ngati mkono wanga, kamene ankadutsamo m'mawa uliwonse popita kukadya msipu. Zonse ndinalemba mosamala, osafufuta.

Mmodzi mwa asodziwo anali amalume, mlongo wawo wa amayi, munthu wa mawu aakulu. Chibadwire changa anali asanandiitanepo ndi dzina. Kwa iwo ndinali "iwe". Tsiku lina anabwera kudzakhala pambali panga, pabwato lovundikira.

"Mphwanga, ulemba chani umu? Niwerengereko."

Ndinawerenga. Sanaseke. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti atsekwewo amatulukira mbali iti, nthawi yanji. Ndinawatsogolera ndekha, ndikukankha bango ndi manja angawa, madzi ozizira akundifika m'mawondo. Anandisisita mutu ndi dzanja lonunkha nsomba, nanditchula dzina.

Ndinathamangira kunyumba kukauza amayi. Anasiya kupeta pang'ono. "Amalume ako afunsa za mbalame?" Basi, anapitiriza kupeta. Lero ndimamva zimene zinali m'funso limenelo. Mlongo wawo ankamudziwa, ndipo akanatha kundichenjeza.

Patapita masiku awiri, atsekwe sanatuluke. Ndinadikira mpaka dzuwa linayamba kundiotcha pakhosi, kenako ndinalowa m'bango. M'kanjira muja munali zikhomo zatsopano, misampha ya waya wa mabuleki a njinga, ndi nthenga zomatirira pamatope. Ana aja ankasambira mozungulira pomwepo, akulira.

Padooko ndinapeza amalume akusosola atsekwe awiri aja, anzawo atawazungulira.

"Uyu mwana wa sukulu ali na maso!" anafuula amalume. "Ise zaka zonse kusakila, iye sabata imodzi chabe. Bwera, pereka iyi kuli amai ako."

Inali ntchafu, ikadali yofunda. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinati, "Zikomo, amalume." Mpaka lero zikomo ameneyo amandiwawa kuposa misampha ija.

Ndinapitiriza kupita kudooko, chifukwa aphunzitsi anati tsiku lililonse. Ana a atsekwe anatsala atatu, mawa lake mmodzi. Akhwangwala sankafunanso matumbo a nsomba. Amalume anabwerera ku "iwe" wawo wakale, ndipo ine, ndinene zoona, ndinkayenda pafupi ndi bwato lawo kuti mwina andiitanenso.

Titatsegulira sukulu, aphunzitsi anaonetsa kalasi yonse ntchito yanga. Anandifunsa chifukwa chake atsekwe anathera panjira m'buku langalo.

"Anauluka," ndinayankha, maso ali pansi.

Chaka chonsecho ndinkafufuza pamene ndinalakwa: mwina ndinalemba zambiri, mwina ndinawerenga mokweza. Kwathu mwana sakwiyira amalume ake, ndipo ine ndinali ndisanadziwe kuti n'zotheka. Choncho mkwiyo wonse ndinadzisungira, n'kumadzikwiyira ndekha.