Penti Wobiriwira Amene Ndinapaka Bwato

Ine ndinataya apongozi anga chifukwa cha chitini cha penti. Ena mwa inu owerenga museka kaye, poti munthu safa ndi penti pokhapokha atamwa. Koma khalani nane, mumve mmene ulesi ndi kudzimva kwanga zinagwetsera banja lathu m'maliro.

Ndimakhala ku Ruda, kuno ku chigwa cha Honde. Agogo anga anachokera ku Mulanje kudzathyola tiyi, ine n'kubadwira pa esiteti, n'kukulira pomwepo, n'kulowa ntchito yopaka penti. Malata a fakitale, matalakitala, zitseko za maofesi, zonsezo zadutsa pansi pa bulashi yanga. Pa nkhani ya penti sindinkafuna kuuzidwa ndi munthu.

Manijala wina popuma ntchito anandisiyira bwato la matabwa limene linkangowola m'shedi pafupi ndi damu lothirira tiyi. Linali bwato la thanga, loyenda ndi mphepo basi, lokwana anthu atatu. Ine ndinaganiza zoliphwasula ndimange khola la nkhuku. Amene anandiletsa ndi apongozi anga, a Fulansisiko, bambo ake a mkazi wanga Estere, mayi wa mwana wathu Rudo. Pa unyamata wawo anagwirako ntchito m'mabwato ku Beira asanakwere mapiri ano. Tsiku limene analiona bwatolo anavula chipewa, n'kuyamba kusisita matabwa ake ngati akusisita ng'ombe yawo. Sindinawaonepo akusangalala chotero ngakhale pa ukwati wathu.

Tinalikonza miyezi iwiri. Iwo ankasintha matabwa ovunda, ine ndikupala penti wakale, Estere akusoka thanga pa makina ake. Itafika nthawi yopaka, anandikhazika pansi.

"Mukuwasha," anatero, poti mawu oti mkamwini ankawanena mwa Chishona, "barco imafuna tinta yoyera. Yoyera siibisa kanthu."

M'chilankhulo chimene anatola ku Beira, barco ndi bwato, tinta ndi penti. Anandifotokozera bwinobwino. Penti woyera amabweza dzuwa, matabwa sauma kwambiri. Mng'alu ukayamba umaonekera msanga. Ndipo bwato loyera munthu amaliona ali kutali. Anawonjezera kuti chaka chilichonse, mvula isanagwe, bwato amalitulutsa m'madzi, kulipala mpaka thabwa lioneke, kumata phula m'mipata yonse, kenako kupaka mwatsopano. Likakhala pamtunda, lizikhala pamthunzi.

Pakamwa ndinati inde bambo, koma mumtima ndinali nditakana kale. Matope a kuno ndi ofiira, ndiye chinthu choyera ndi ntchito yochapa sabata ndi sabata. Komanso ndinali ndi penti wobiriwira kwambiri wotsala pa malata a fakitale, amene akapitawo anati nditha kutenga. Apongozi atapita ku Chipinge kukaona mwana wawo wina, ine ndinagwira bulashi. Pobwerako anapeza bwato likunyezimira, lobiriwira ngati tsamba lokhwima la tiyi. Analizungulira kawiri, n'kunena mawu amodzi okha akuti lakongola. Mukudziwa nokha kuti mpongozi ndi mkamwini sakokanakokana pa mawu. Ulemu umenewo ine ndinauyesa chilolezo.

Za tsiku loyamba pamadzi sindingathe kuzifotokoza mokwanira. Ine mwana wa m'mapiri, wozolowera kuti chinthu chimayenda ndi dizilo kapena ndi miyendo, ndinaona nsalu yosokedwa ndi mkazi wanga ikutupa yokha, bwato n'kunyamuka popanda phokoso. Madzi ankangoti tswii m'mbali. Minda ya tiyi inali itagona chozondoka m'damumo, mapiri pamwamba pathu, mathithi akuoneka patali ngati ulusi woyera. Apongozi atagwira chiwongolero ndi zala ziwiri zokha ankaidziwa mphepo isanafike, poona mmene madzi akuchitira makwinya kutsogolo. Ndinachita mantha okoma, ngati a munthu amene walowa m'tchalitchi chachikulu koyamba. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi mphamvu imeneyi inkadutsa pamutu panga ine osaidziwa.

Koma kusamala bwato sikukoma ngati kulikwera. Amene mumaidziwa Honde mu Okutobala mukudziwa kuti dzuwa lake silicheza. Bwato ndinkalisiya pamtetete, poti kulikokera m'shedi kunkafuna anthu anayi. Masana sukanatha kuika dzanja pa penti uja, ankatentha ngati chiwaya. Matabwa anayamba kuuma ndi kutalikirana, koma pa mtundu wakuda chotero ming'alu sinkaoneka pokhapokha utagwada. Imene ndinaiona ndinangoidutsitsa bulashi pamwamba, osapala, osamata phula. Apongozi akafunsa ngati ndalikonza, ndinkati zonse zatheka. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndiye ankangokhulupirira. Chinali chikomekome cha mkuyu, ndipo nyerere zake ndinkazidziwa ndine ndekha.

Chaka chachitatu, Loweruka lina m'mawa mu Novembala, anandipempha kuti tikayende pamadzi. Bwato linali litakhala padzuwa chilimwe chonse. Ine ndinavala ovololo yanga ya kuntchito, nayonso yobiriwira, iwo jekete lawo lakuda. Zovala zoyandamitsa munthu tinalibe. Estere tinamuuza kuti tibwerako nthawi ya chakudya chamasana isanakwane.

Tili pakati pa damu ndinamva mapazi akuzizira. Madzi ankalowa pa mzere wonse wa thabwa lapansi, mwakachetechete. Ndinayamba kukapa ndi chitini, koma ankalowa ambiri kuposa amene ndinkataya. Apongozi anayang'ana pansi, anayang'ana ine, n'kutembenuza bwato kuti tibwerere. Nthawi yomweyo mphepo inatsika m'phiri. Ndinaiona ikubwera, ikudetsa madzi ngati dzanja lalikulu likupukuta tebulo. Bwato lolemedwa ndi madzi silinathe kudzuka. Linapendekeka pang'onopang'ono mpaka kugadabuzika, thanga loyera lija n'kulowa pansi.

Tinavuuka tonse awiri n'kugwira msana wa bwato. Madzi a damu limenelo amachokera m'mapiri, amazizira ngakhale kunja kukutentha. Ndinayesa kukwera pamwamba kuti ndikupize manja, koma bwato linkagubuduka n'kufuna kuwamiza apongozi. Ndinafuna kusambira ndikaitane anthu, iwo anandiletsa, amvekere munthu salisiya bwato. Ndiponso manja awo anali atayamba kale kuterereka, moti ndinawakola ndi mkono umodzi m'khwapa.

Inu owerenga, apa ndi pamene pamandisowetsa mtendere. Pamtunda panali anthu. Amayi othyola tiyi anali pa chitunda ndi madengu kumsana, ndinkatha kuwerenga mipango yawo. Tinakuwa mpaka mawu kutha, koma mphepo inkatengera mawu athu kutsidya. Ena ankaweramuka, kuyang'ana kudamu, n'kuweramanso. Akanaona chiyani? Madzi obiriwira ndi chithunzi cha tiyi, ndipo pakati pake kamsana kobiriwira ka bwato, ndi munthu wovala zobiriwira.

Dzuwa litafika pamutu ndinamuona Estere. Anatsika ndi kanjira kathu mpaka pa khoma la damu, n'kuika dzanja pamphumi. Anayang'ana kumene tinali. Nkhope yake inaloza kwa ife ndithu. Anayenda pang'ono, anayang'ananso, kachitatu anakwera pa mwala. Kenako anatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Ndinalira ngati mwana. Apongozi, milomo ili njenjenje, ndi amene anandilimbitsa mtima. Sanatchule penti ngakhale kamodzi. Anandiuza kuti ndikweze maso ndione mitambo ikutsetsereka pamapiri.

"Zaka zonsezi ndakhala pansi pa mapiri awa ndikuwerama," anatero. "Lero ndiye ndawaona bwino. Mulungu ndi wamkulu, mwanangu."

Aka kanali koyamba kunditchula mwana wawo. Mpaka lero ndimazizwa ndi mtima wa munthu ameneyo, woti imfa ili m'khosi iye n'kumayamikira mapiri.

Mphepo yomwe inatigwetsa ndi imene inatipulumutsa. Inatikankha pang'onopang'ono mpaka m'bango la kumapeto kwa damu, kumene bambo woyang'anira pampu anatimva tikukhosomola. Dzuwa linali litapendeka. Apongozi anali atamwa madzi ambiri, ndipo tinathamangira nawo ku chipatala ku Hauna. Madokotala anayesetsa, koma chibayo chinawagwira mapapo onse awiri. Anatisiya patatha masiku asanu ndi anayi.

Pa maliro anthu ankati ndi ngozi, tsoka silinunkha. Langa linanunkha zaka zitatu, ine ndikutseka mphuno. Ndinaulula zonse kwa Estere ndi abale ake, za ming'alu, za bodza langa, za mawu a bambo awo amene ndinawanyoza. Anandikhululukira, ngakhale sindinali woyenera.

Tsono inu amene muli ndi bwato, kaya pa damu kaya pa mtsinje, mverani ine. Posankha mtundu musafunse kuti wokongola ndi uti kapena wobisa litsiro ndi uti. Funsani kuti mukagadabuzika, munthu ali pamtunda adzakuonani kodi? Pakani woyera kapena wachikasu, mpaka pansi pomwe, chifukwa tsiku loipa mbali imene imaoneka ndi yapansiyo. Lichapeni ngakhale litope nanu. Chaka chilichonse palani mpaka thabwa, matani mipata, ndipo musapake penti pamwamba pa mng'alu. Wamkulu akakuuzani chinthu kamodzi n'kukhala chete, musayese kuti wagonja, wangokupatsani ulemu.

Chimene sindingathe kukonza ndi ichi. Estere tsiku lija ataona damu lopanda kanthu anaganiza kuti tatuluka kale ndipo tapita ku Hauna kukacheza, moti anabwerera kunyumba akuimba. Ndamuuza kambirimbiri kuti palibe diso la munthu limene likanationa. Amangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndinayang'ana katatu, bambo a Rudo. Bambo anga anali pomwepo." Bulashi ndinagwira ndine, koma amene akusenza mlanduwo mpaka lero ndi iyeyo.