Gemu ya msuweni wanga pa Golomoti

Chaka chimene msuweni wanga anaganiza zopita ku Joni, ine ndinali nditangoyamba kuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Golomoti. Iye ankapalasa kabaza. Tikaweruka tinkakumana m'kashopu ka mkulu wina wometa tsitsi kuseri kwa msika, chifukwa mkuluyo anali ndi laputopu yakale imene ankaikira anthu nyimbo m'mafoni. M'laputopumo munali gemu imodzi yokha.

Sinali ya mpira ayi. Inali ya nkhani. Umakhala munthu wothamangitsidwa kwawo, n'kumayenda mudzi ndi mudzi, kulankhula ndi anthu, kusankha woyenda naye ndi womusiya panjira. Zithunzi zake zinali zomvetsa chisoni, tianthu tating'onoting'ono ngati nyerere, ndipo mawu onse ankangolembedwa pansi m'Chingerezi. Ndiye tinkagawana ntchito: msuweni ankagwira mabatani, ine ndinkawerenga n'kumamasulira, ometa ankaponyapo maganizo uku akumeta munthu. Tinaiyamba anthu akukolola, ndipo pofika nyengo yotentha ija yoti nsapato imamatirira paphula, tinali pafupi kuimaliza. Msuweni anali atagulitsa kale njinga. Ulendo unali wa Lachisanu, ndipo anandiuza kuti sakufuna kukwera basi asanaone mathero ake.

Lachinayi masana kunatulukira mlamu wawo wa ometa, mchimwene wa akazi awo, kuchokera ku Lilongwe. Atationa tawerama pa laputopu, anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Alamu, mpaka lero mukudyetsa anthu gaga?" anatero, akutulutsa fulashi m'thumba la shati. "Ndakubweretserani gemu yeniyeni, ya kampani yaikulu. Munthu akamathamanga thukuta limachita kuoneka. Anthu ake amalankhula okha, osati zomalemba ntchito aphunzitsi kuti azikuwerengerani."

Mawu omalizawo anandilasa, sindinama. Ndinamuuza kuti makampani akuluakulu amaphika ndiwo zomwezomwezo chaka ndi chaka, amangosintha mbale. Kukupatsa dziko lalikulu loti uziyenda tsiku lonse, koma wolankhula naye zanzeru osamupeza.

"Nanga yanuyi anapanga ndani?" anafunsa.

"Anthu ochepa chabe, m'chipinda chawo," ndinayankha.

"Zikuoneka," iye anatero, ndipo munthu amene ankametedwa anaseka nawo.

Msuweni sankakonda mikangano, koma tsiku limenelo analankhula osachotsa maso pa laputopu. Anati kampani yaikulu ili ngati mbewu ya m'sitolo: imabereka, inde, koma chaka chamawa uyenera kukagulanso. Mlendoyo anati zimenezo ndi zonena amphawi. Anati kampani yaikulu ikatulutsa chinthu imakhala itachiyesa, sichikuthera panjira, ndipo amene amanyoza amangonyoza chifukwa makina awo ndi ofooka. Pamenepo anali ndi mfundo, koma ine mtima unali utakwera kale, sindikanamuvomereza ngakhale akanati dzuwa limatuluka kum'mawa.

Kenako anafika pa nkhani yeniyeni. Gemu yakeyo inali yaikulu, ndipo kuti ilowe pankafunika kufufuta china. Nyimbo sizikanatheka, ndiye inali bizinesi ya ometa. Fulashi ya mlendoyo inali yodzaza, moti sitikanasungamo kanthu. Chotsala chinali gemu yathu, pamodzi ndi ulendo wonse umene tinayenda. Ndipo anati ziyenera kuchitika tsiku lomwelo magetsi asanazime, chifukwa m'mawa ankabwerera.

Tonse tinayang'ana ometa. Mkuluyo anali mkamwini. Nyumba yake inali pamalo a akuchikazi, dimba lakenso chimodzimodzi, ndipo munthu waimirira pakhomoyu ndiye anali mwini mbumba. Kumukaniza mlamu wotere mphatso imene wanyamula kuchokera ku tauni, pamaso pa anthu, nkhani yake ikanafika kumudzi iye asanatseke shopu. 

"Akulu, mawa lomweli msuweni wangayu akupita," ndinatero. "Mukufuna akwere basi ndi nkhani yosatha?"

"Aphunzitsi, khalani kaye chete," anandidula ometa. Anamaliza kumeta, n'kukutumula nsalu pang'onopang'ono. Kenako anatembenukira kwa mlendo uja. "Alamu, gemu yanu tiika, musadandaule. Koma mlongo wanu wapha nkhuku. Tikaika musanadye, ine ndikagona panja."

Potuluka anandiponyera kiyi osandiyang'ana. Nthawi yathu inali yomweyo, kutalika kwa nkhomaliro.

Tinatseka chitseko kuti makasitomala asatisokoneze, ndipo m'kashopu ka malata muja munasanduka uvuni. Ndinkawerenga mothamanga, kudumpha mizere ina. Msuweni anandikalipira kuti ndisamamubere nkhani, ine n'kumubwezera kuti ngati akufuna zonse akaphunzire yekha Chingerezi. Sitinayambe talankhulana chotero. Titafika pa mdani womaliza, chimunthu cholondera chipata, anatipha. Tinayambiranso, anatiphanso. Manja a msuweni anali atanyowa ndi thukuta, akungowapukutira pa thalauza. Minibasi iliyonse ikaima pamsewu ndinkasuzumira pa kabowo ka chitseko, ngati kuti anthu aja abwera pa minibasi.

Anabwera wapansi, tili mkati mwa nkhondo yachitatu. Mlendo uja analowa akutokosa m'mano, fulashi ili kale m'manja.

"Nthawi yakwana, anyamata."

 Ndinaima pakati pa iye ndi tebulo, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndikanachita akanandikankha. Ometa anayamba kusesa tsitsi pamalo posesa kale. Mlendoyo anasuzumira paphewa langa.

"Mukumenya bwanji osachiritsa mnzanu wakumbuyoyo?" anatero mwadzidzidzi. "Mupatseni mankhwala kaye. Ndiye akukutetezani."

Msuweni anamvera. Chimunthu chija chinagwa.

Ndinkayembekezera nyimbo ndi zikondwerero, koma panangotuluka mawu ena pansi. Ndinawerenga chamumtima kaye. Chipata chinali chitatseguka. Kutsidya kunali dziko la chuma, koma wolowako sabwerera. Apo ayi, munthu wathu akanatha kubwerera kumudzi kumene anamuthamangitsa kuja, kopanda kanthu, kukayamba kulima. Gemu inkafuna tisankhe.

"Akuti chiyani?" anafunsa msuweni.

Ndinamasulira zonse, osadumpha liwu ngakhale limodzi.

"Lowani," anatero mlendo uja. "Mwavutikira chiyani nthawi yonseyi?"

Mwa chizolowezi chathu, chosankha chachikulu tinkakambirana tonse, nthawi zina mpaka kukangana. Ulendo uno msuweni sanafunse munthu. Anakhala akuyang'ana kamunthu kake kataima pachipata, chala chili pabatani, ndipo ine ndinkachita mantha ngati kuti akusankha zenizeni. Kenako anakatembenuza.

Mawu otsiriza atayamba kutuluka, ndinatsegula pakamwa kuti ndiwerenge, koma iye anandigwira mkono.

"Basi, asuweni, ndaona," anatero. Anaimirira, n'kukankhira laputopu kwa mlendo uja. "Fufutani, akulu. Iyeyu wafika kwawo. Wopita ndine."